Mwana wanga wamkazi akufuna kukaphunzira zomanga nyumba, ndimulole?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Bangwe: "Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, wakhoza mayeso a Fomu 4 ndipo akuti akufuna kukaphunzira zomanga nyumba ku Soche Technical. Bambo ake akukana, akuti imeneyo ndi ntchito ya amuna, thupi lidzamuuma, ndipo palibe amene adzamukwatire. Amalume ake akuti bola zosoka kapena zokonza tsitsi. Ine mtima uli pawiri. Kodi mkazi angadye nayo ntchito imeneyi, kapena tingotaya ndalama?"

Mayi, musanawayankhe bambo akewo, tsiku lina mulawire m'mawa mupite kumene anthu akumanga kwambiri masiku ano, kaya ku Chigumula, ku Machinjiri kapena ku Mpemba. Mukaime pamsewu kwa kanthawi, muwerenge akazi amene ali pasaiti. Mukawapeza ndithu. Ena akusenza zidebe za madzi kuchokera kumjigo kapena kumtsinje kudzathira m'diramu, ena akututa mchenga, ena akhala pansi miyendo atatambasula, mwana kumbuyo, akuswa miyala ndi hamala. Chidebe cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo mayi mmodzi amakwera nacho chitunda kambirimbiri dzuwa lisanafike pamutu. Sindinamvepo mwamuna akuwaletsa amayi amenewa kuti mukhwima thupi. Mawu akuti "ntchito ya amuna" amayamba kumveka pokhapokha mkazi akatambasula dzanja kuti agwire mpeni womangira, levulo, tepi ndi pulani, zomwe ndi zida za amene amalandira ndalama zooneka pasaitipo.

Ine, mkazi mnzanu, ndakhala m'ntchito imeneyi zaka zoposa 20, zambiri mwa izo muno mu Blantyre. Ndinayamba ndi kuyala njerwa, pano ndimayang'anira masaiti ndi kuwerengera anthu mtengo wa nyumba zawo. Ndinenatu poyamba kuti maganizo anga ndi oti mumulole. Koma sindikunamizani kuti msewu wake ndi wa tala wokhawokha, ndipo zovuta zenizeni si zimene bambo ake akuopazo.

Tiyambe ndi nkhani ya mphamvu. Thumba la simenti limalemera makilogalamu 50, ndipo amene amalinyamula tsiku lonse ndi dakaboyi, wothandizira mmisiri uja, yemwe malipiro ake ndi otsikitsitsa pa amuna onse a pasaiti. Mmisiri samulipira chifukwa cha minofu. Amamulipira chifukwa akamanga chingwe pamaziko, ngodya zinayi za nyumba zimakhaladi sikweya. Amayeza mamita 3 mbali ino, mamita 4 mbali inayo, ndipo ngati pakati pa nsonga ziwirizo sipakukwana mamita 5, amadziwa kuti nyumbayo yapotoka isanayambe n'komwe. Mukalakwitsa pamenepo mudzalira pa denga, malata akukana kugona bwino, mudzaliranso pa matailosi, odula akungotha mabokosi. Amamulipira chifukwa amadziwa kuti konkire wamba amasakaniza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale, ndiponso kuti madzi akachuluka konkireyo amafooka ngakhale amaoneka wofewa bwino pothira. Amadziwa kuyala pepala lakuda lija pamwamba pa maziko kuti chinyezi chisakwere m'khoma. Zonsezi ndi diso, masamu pang'ono ndi kusapupuluma. Palibe chimodzi chimene chimafuna ndevu.

Pali china chimene chimandipweteka mtima nthawi zonse. Konkire salimba chifukwa chouma ngati dothi, amalimba chifukwa simenti ikugwirana ndi madzi, ndiye amafunika kumuthirira kwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu imene injiniya amawerengera amaiyeza pa masiku 28. Tsono amene amathirira silabu m'mawa ndi madzulo kawirikawiri ndi mayi wa ganyu uja. Iyeyo ndiye wagwira moyo wa nyumba yonse, koma palibe anamuuzapo chifukwa chake akuthira madziwo, ndipo tsiku limene wadwala silabu imangowambidwa ndi dzuwa. Mwana wanu akapita kusukulu ya ntchito, akakhala munthu wodziwa chifukwa chake, ndipo kusiyana kwa malipiro kumachokera pomwepo.

Mwina bambo ake anganene kuti ngati zili choncho, bwanji amisiri aakazi achikulire sitiwaona? Muwakumbutse kuti kuyambira 1973 mpaka 1993 dziko lino linali ndi lamulo la kavalidwe lomwe linkaletsa mkazi kuvala thalauzi pagulu. Munthu angakwere bwanji pa katawala, poimapo amisiri khoma likatalika, atavala chitenje? Atsikana a nthawi imeneyo ankawalozera ku zophika ndi zosoka kuyambira ku pulayimale, anyamata ku zamatabwa ndi zazitsulo. Kusowa kwa agogo aakazi omanga nyumba za malata sikuti kunachokera kumwamba. Ndipo kumudzi, amene amazira pansi mpaka kusalala ngati mbale, amene amatsutsuta makoma ndi dothi lamakaka n'kulemba maluwa m'mbali, ndi ndani? Dzanja lodziwa kuzira silichedwa kuphunzira pulasitala. Ndawaphunzitsapo angapo, ndikudziwa.

Tsopano za msika, poti mwafunsa ngati angadye nayo. Blantyre sanasiye kumanga, ndipo pali zinthu ziwiri zimene zasintha ntchitoyi m'zaka zapitazi. Choyamba, mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu monga za boma ndi za malonda, pofuna kupulumutsa mitengo. Kuchokera apo mabuloko a simenti ndi njerwa zadothi zothira simenti pang'ono zopanikiza pamakina zafala. Kuumba mabuloko abwino, kuwathirira mokwanira ndi kuwayala molondola ndi luso limene amisiri ambiri akale akuliphunziranso kumene, ndiye mtsikana amene akulowa lero sakuyambira kumbuyo kwenikweni. Chachiwiri ndi namondwe wa Freddy, mu Marichi 2023. Inu a ku Bangwe simufunika kuuzidwa zimene zinachitika ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche. Kumene kunadutsa matope ndi miyala yochokera m'phiri, palibe mmisiri akanapulumutsa nyumba. Koma m'malokeshoni ambiri makoma anagwa popanda phiri kugumuka: omangira dothi, maziko osaya, opanda ngalande yochotsa madzi, denga lopanda khonde loteteza khoma ku mvula. Anthu amene anaona zimenezo ndi maso awo pano amafunsa mafunso asanapereke ntchito, ndipo mmisiri wotha kufotokoza chifukwa chimene akufunira simenti yochuluka pa maziko amapeza makasitomala.

Njira yolowera ndi iyi. Maphunziro a ntchito zamanja amayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999, ndipo lili ndi ofesi muno mu Blantyre. Limalengeza nthawi yolembera ophunzira m'makoleji monga Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, kuwonjezera pa makoleji a m'madera omwe anayamba kutsegulidwa mu 2015. Mupite naye ku ofesiko nokha, mukafunse zinthu zitatu: nthawi yolembera, ngati pali thandizo la fizi kwa atsikana olowa ntchito zimene mumachuluka anyamata, ndiponso ngati sukulu imene mwaisankha ndi yolembetsedwa. Chachitatuchi musachipeputse. Muli timasukulu m'tauni muno tolandira fizi zaka ziwiri n'kupereka pepala limene kontilakita aliyense amangoliyang'ana n'kulibweza. Mukafunsenso za mayeso a ntchito zamanja otchedwa Trade Test, omwe athandiza amisiri ambiri ophunzirira pasaiti kukhala ndi pepala. Zimenezi muwauzeko ngakhale amayi a ganyu amene mumapemphera nawo.

Simunandiuze mmene anakhozera masamu ndi sayansi. Ngati anakhoza bwino kwambiri, asaiwale kuti pa Chichiri pali MUBAS, yomwe tinkaitcha Polytechnic mpaka 2021, komwe amaphunzitsa uinjiniya wa zomangamanga, kujambula mapulani, kuyeza malo ndi kuwerengera mtengo wa zomanga. Koma musamukakamize kudikira yunivesite zaka zitatu ali pakhomo pamene malo ku koleji ya ntchito apezeka. Ndaona anthu oyambira pa njerwa akudzachita dipuloma pambuyo pake, ndipo pasaiti amenewo sanamizika, chifukwa akudziwa kuti munthu mmodzi angayale mabuloko angati pa tsiku.

Pa kusankha ntchito, ndili ndi maganizo anga amene ena angatsutse. Ngati mtima wake uli pa kuyala njerwa, ayambe pomwepo, chifukwa ndiye tsinde. Koma asaime pamenepo. Awonjezere luso limodzi la kumalizitsa nyumba: matailosi, mapaipi a madzi, penti kapena siling'i. Omanga makoma ndi ambiri ndipo amagwetserana mitengo, pamene woika matailosi mowongoka amachita kumulimbirana. Komanso ntchito zimenezi zimapezeka ngakhale m'dzinja, pamene mvula yaimitsa maziko ndi makoma kuyambira Disembala mpaka Malichi. Ndipo pali mwayi umodzi umene amuna sangamulande. Mpope ukaphulika kubafa ya kuchipinda chogona, bambo ali kuntchito, mayi wa pakhomo amamasuka kulowetsa mkazi mnzake kusiyana ndi mwamuna wachilendo. Akamugwirira bwino, nambala yake imayenda yokha m'magulu a WhatsApp a amayi a kumpingo.

Tsono nazi zimene muyenera kuopa zenizeni.

Choyamba chidzamupeza nthawi ya atachimenti, pamene sukulu imawatumiza kumasaiti kukaphunzira pogwira. Ine tsiku langa loyamba, folomani anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundipatsa poto kuti ndiziphikira anyamata nsima ya masana. Sananditukwane, anali munthu waulemu ndithu, ndipo m'maganizo mwake ankandichitira chifundo. Ndinaphika sabata ziwiri. Mnzanga wina anamupatsa kope la sitolo, miyezi itatu akungowerenga matumba a simenti, n'kubwerera kusukulu asanagwire mpeni ngakhale tsiku limodzi. Chifundo choterechi ndi chimene chimapha luso la atsikana ambiri, kuposa chipongwe. Anyamata amabwerako manja atazolowera, mtsikana amabwerako ndi siginecha yokha, ndiye pa mayeso ogwira ndi manja akalephera anthu amati mwaona, tinanena. Ine chinandipulumutsa n'chakuti m'mawa wina ndinafika ena onse asanafike, ndinamanga chingwe n'kuyala mizere itatu pa khoma la mpanda. Folomani anabwera, anaika levulo, anaichotsa, anaikanso pena, osanena kanthu. Masana amenewo nsima anaphika dakaboyi. Mumuuze mwana wanu kuti tsiku loyamba lomwelo apemphe mwaulemu kuti amuike pa khoma ndi mmisiri wodziwa, azilemba m'buku lake chimene wagwira tsiku lililonse, ndipo akaona kuti sabata yatha ali pa poto, akauze mphunzitsi wake kusukulu.

Chachiwiri ndi chija makolo amachiopa koma satchula. Pasaiti pali pakamwa poipa, ndipo pali akapitawo ena amene amafuna thupi la mkazi kuti amulembe ganyu kapena amusainire. Sindikubisirani, zimachitika. Dziwani kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu mwa njira imeneyi ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika zaka 5 kundende. Lamulo lomwelo limafuna kuti malo a ntchito akhale ndi ndondomeko yodandaulira. Makampani akuluakulu, makamaka ogwira ntchito za boma ndi za mabungwe othandiza, amakhala nayo ndipo amaopa mbiri yoipa. Kwa kontilakita wamng'ono wa anyamata asanu, chitetezo chake chenicheni ndi anthu. Asapite yekha kokalandira malipiro kunyumba kwa munthu kapena kumalo omwera. Mauthenga oipa a pafoni asafufute. Ndipo chofunika koposa, adziwe kuti akabwera kudzakuuzani, simudzayamba ndi kumufunsa kuti unavala chiyani, kapena kunena kuti bambo ako ananena. Mtsikana amene akuopa kuti kunyumba amuseka amabisa, ndipo obisa ndi amene amapwetekeka. Muonenso ichi: mavuto omwewa aliko ku saluni, m'mashopu a ku Limbe ndi m'maofesi. Kumusiyitsa zomanga sikumuchotsa m'dziko.

Pali tizinthu tina tooneka tating'ono. Masaiti ambiri alibe chimbudzi cha akazi, ena alibe n'chimodzi chomwe, ndipo mtsikana amene ali kumwezi amavutika. Ine pasaiti yanga chimbudzi chokhala ndi chitseko chotsekeka chimamangidwa maziko asanakumbidwe, ndipo kontilakita amene amanyinyirika ndimamuwerengera mtengo wake, womwe sufika n'komwe pa simenti imene imatayika pansi mwezi umodzi. Majombo ndi maovolosi amagula a saizi ya amuna, ndipo jombo yokula pa katawala ndi ngozi. Mumugulire yake yomukwana, ndi magolovesi, chifukwa simenti yonyowa imawotcha khungu, ndiponso chotseka pamphuno podula mabuloko ndi matailosi, poti fumbi lake limawononga mapapo pang'onopang'ono. Zimenezi n'zofunika kwa amuna omwe, kungoti iwo amachita manyazi kupempha.

Chachitatu ndi kubedwa malipiro. Mmisiri aliyense amadyeredwapo, koma wamkazi amamuyesa kwambiri poganiza kuti sangakalipe. Aphunzire msanga kulemba koteshoni, kugwirizana mtengo papepala, ndi kulandira ndalama m'magawo: maziko akatha, khoma likafika pawindo, likafika pa lintala, denga likakwera. Gawo limodzi likapanda kulipidwa, zida m'chikwama. Asamachite manyazi kutchula mtengo wofanana ndi wa mwamuna. Lamulo la ntchito la 2000 limati ntchito yofanana malipiro ofanana, ndipo limapereka masabata 8 a tchuthi cha uchembere cholipidwa kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Koma tinene zoona, zimenezi amazipeza ndi amene walembedwa ntchito mwadongosolo. Wa maganyu akaima ndiye kuti ndalama zaimanso, n'chifukwa chake ndikulimbikira za pepala ndi luso lachiwiri. Mayi woyembekezera sayenera kunyamula zolemera kapena kukwera pamwamba, koma angathe kuyeza, kuwerengera zipangizo ndi kuyang'anira anyamata ake. Ine ana anga atatu ndinabereka ndili m'ntchito yomweyi. Zoti simenti imatseka mimba ndi nkhambakamwa chabe.

Akadzakhwima, zaka zingapo zikubwerazi, angathe kulembetsa bizinesi yake, kutenga nambala ya msonkho ku MRA, ndi kulembetsa ku bungwe loyang'anira zomangamanga lomwe ambiri tinazolowera kulitchula kuti NCIC. Makontilakita amawaika m'magulu molingana ndi kukula kwa ntchito imene angathe, ndipo aliyense amayambira pansi: mpanda, chimbudzi cha sukulu, kalavati. Popanda kulembetsa kumeneko ntchito za boma sangazinunkhe. Koma izi n'zam'tsogolo, asathamangire kukhala bwana manja asanadziwe ntchito, chifukwa amisiri amamuzindikira msanga bwana wosadziwa ndipo amamudyera simenti ali pomwepo.

Za banja ndinene mwachidule, poti si ine nkhoswe. Mwamuna amene angathawe mkazi chifukwa amatha kumanga nyumba, ameneyo wakuchitirani chifundo pothawa msanga. Amisiri aakazi amene ndagwira nawo ntchito, ena ali pabanja, ena ayi, chimodzimodzi anamwino ndi aphunzitsi. Chimene ndaona n'chakuti amene banja lake lavuta sasowa pogwira, ndipo ana ake sachotsedwa sukulu.

Amalume akewo sakulakwa kufuna kuti mwana akhale ndi ntchito yamanja, ndipo kusoka si ntchito yonyozeka. Kungoti muwerenge matelala ndi masaluni amene ali pakati pa kwanu ndi msika wa Bangwe, kenako muganize kuti kaunjika watsitsa bwanji mtengo wa chovala. Komanso mwana amene mwamukankhira ku ntchito imene sakuifuna amangomaliza kuti akusangalatseni, makina n'kukhala pakona atafunditsidwa nsalu.

Bambo akewo musalimbane nawo pamaso pa ana, ndipo musawauze kuti ndi achikale, chifukwa mwamuna akachita manyazi amaumirira pomwepo. Mantha awo ambiri ndi oti anzawo adzawaseka ndiponso kuti mwana wawo adzazunzika pakati pa amuna. Apempheni chinthu chimodzi chokha: mwezi umodzi woyesera. Mupeze mmisiri wachikulire amene iwo amamukhulupirira, wa kumpingo kapena wachibale, mwanayo akagwire naye kuyambira m'mawa mpaka madzulo, dzuwa la Okutobala likhale lake, matuza atuluke. Walira mvula walira matope, ndipo ndi bwino awaone matopewo musanalipire fizi. Ena amabwerako sabata yoyamba n'kunena okha kuti ayi, ndipo palibe cholakwika. Akapirira mwezi wonse, mugule matumba awiri a simenti ndi mabuloko ochepa, mumupatse ntchito pakhomo panu pomwepo, kaya sitepe ya pakhonde imene inagumuka, kaya khoma la bafa. Akamaliza, levulo muwapatse bambo akewo kuti ayeze okha.